Mzere ukamasuntha pakati pa nyanja, wolakwa ndi foni kapena mwera?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Malindi, m'boma la Mangochi. Akuti: "Ndili ndi boti la injini, ndimawolotsa anthu ndi katundu kupita tsidya la ku Nkopola ndi ku Makawa, nthawi zina m'bandakucha kusanayere. Mphwanga anandiikira mapu mufoni. Poyamba ndikalemba kumene ndikupita, foni inkandijambulira msewu wodzera pa mlatho wa pa Boma ngati ndili pa galimoto. Kenako anandisinthira kuti izijambula mzere wowongoka. Koma ndikafika pakati pa nyanja mzerewo sukhazikika, umangofufutika n'kujambulidwanso. Tsiku lina kuli mwera ndinautsatira bwinobwino, muvi unkaloza kutsogolo nthawi yonse, koma ndinangozindikira kuti ndili kumpoto kwambiri, ndatsala pang'ono kulowa m'matchera a anthu. Kodi foniyi ndi yakufa? Nanga kujambulanso kumeneku kumadya bandulo?"

Achimwene, foni yanu ili bwinobwino, musaigulitse. Inachita ndendende zimene inauzidwa. Mphwanuyo anakonza theka la nkhani, theka linalo anasiya. Anasintha mzere kuti ukhale wowongoka, zomwe ndi zoyenera pamadzi, koma sanachotse khalidwe la pamsewu loti mukangopatuka pang'ono foni ijambule njira yatsopano kuyambira pomwe mwafikapo. Pamsewu khalidwe limeneli ndi lothandiza. Panyanja, mphepo ikamakukankhirani kumbali, ndi limene limafufuta umboni woti mukukankhidwa. Mzere wakale ukanatsala pomwepo, mukanaona ndi maso anu kadontho kanu kakuutalikira. M'malo mwake foni inkausuntha n'kuubweretsa pansi pa boti lanu, inu n'kumati zonse zili m'malo.

Kuti izi zimveke tiyambire pa mmene foni imadziwira pomwe muli. Kumwambaku kuli masetilaiti a GPS, a dziko la America, ozungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Iliyonse imaulutsa nthawi yake ndi pomwe ili. Foni imangomvetsera, siyankha. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imayerekeza nthawi yomwe uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, n'kupeza malo anu. Mafoni ambiri a masiku ano amamvetseranso GLONASS ya Russia, Galileo ya ku Ulaya ndi BeiDou ya China. Pamalo poyera, popanda denga kapena mitengo, foni imalakwitsa ndi mamita asanu kapena kucheperapo, ndipo pakati pa nyanja ndiye poyera kuposa pena paliponse. Choncho za malo anu foni siinakunamizeni. Kale zinali zina, chifukwa mpaka mu May 2000 boma la America linkasokoneza dala uthengawu kwa anthu wamba, moti munthu ankatha kuphonya ndi mamita 100.

Kudziwa pomwe muli ndi ntchito imodzi, kukupezerani njira ndi ntchito ina. Inu ndinu munthu wa kunyanja, ndiye ganizirani ukonde. Pulogalamu ya mapu imaona dziko ngati ukonde: mphambano iliyonse ndi mfundo, chigawo chilichonse cha msewu ndi ulusi wolumikiza mfundo ziwiri, ndipo ulusi uliwonse uli ndi mtengo wake, kaya ndi makilomita kaya ndi mphindi. Mukalemba kumene mukupita, imayenda kuchoka pa mfundo kupita pa mfundo, kuphatikiza mitengoyo, mpaka itapeza njira yotchipa kuposa zonse. Masamu ake si atsopano. Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anawasindikiza mu 1959, ndipo mu 1968 akatswiri atatu a ku America, Hart, Nilsson ndi Raphael, anawawonjezera nzeru yoti kufufuzako kuziyamba ndi mbali yoloza kumene munthu akupita. Pa ukonde umenewu nyanja ndi chibowo chachikulu. Mulibe ulusi. N'chifukwa chake munali ku Malindi, Nkopola mukumuona tsidya lija, koma foni inakutsitsirani ku Boma, kukuwolotsani Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukukwezaninso ndi msewu wa ku Monkey Bay. Kwa iyo, umenewo ndiye ulusi wokhawo wolumikiza mbali ziwirizi.

Mukayamba kuyenda pamsewu, foni imayeza malo anu pafupifupi sekondi iliyonse n'kufunsa funso limodzi: munthuyu watalikira bwanji njira yomwe ndamujambulira? Ngati ndi mamita ochepa imati ndi kulakwitsa kwa GPS, imakoka kadontho kanu n'kukakhazika pamsewu. Ndiye chifukwa chake pagalimoto kadontho kamayenda mwaudongo pakati pa msewu ngakhale dalaivala akuzemba maenje uku ndi uku. Koma mtundawo ukapitirira malire ena, ndipo ukakhala choncho kangapo motsatizana, foni imagamula kuti mwapatuka. Imataya njira yakale, imatenga pomwe mwafikapo ngati poyambira patsopano, n'kuwerengeranso. Akulu anati khotekhote ngwanjira, kwalinga mtima n'komweko, ndipo pamsewu mwambiwu ndi woona kotheratu. Mukaphonya mphambano, njira yakale ilibenso ntchito. Chofunika ndi msewu wina wokufikitsani komweko, ndipo msewu winawo ndi msewu ndithu, wolimidwa kale, anthu amadutsamo tsiku ndi tsiku.

Ngakhale pamsewupo, tisaipatse ulemu wopitirira. A kabaza a njinga zamoto okwera mapiri a ku Namwera amaidziwa nkhaniyi: ukadzera njira yachidule yomwe sinalembedwe pa mapu, foni imangokuuza kuti ubwerere, ubwerere, mpaka utatulukira pamsewu womwe ikuudziwa. Ndipo pa msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja foni singadziwe kuti mtsinje wadzaza usiku. Madzi saiwala khwawa, koma mapu sauzidwa. Mapulogalamu ambiri aulere amatenga misewu yawo ku OpenStreetMap, mapu omwe anayamba mu 2004 ku Britain ndipo amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka. Kanjira komwe palibe anakajambula, kwa foni kulibe.

Tibwerere pamadzi. Mzere wowongoka ndi chinthu chosauka kwambiri poyerekeza ndi zonsezi. Foni sifufuza chilichonse. Imatenga malo awiri, pomwe muli ndi pomwe mukupita, n'kutulutsa manambala awiri basi: mtunda, ndi mbali yoti mulunjike, yoyezedwa m'madigiri kuyambira kumpoto. Kumpoto ndi 0, kuvuma 90, kumwera 180, kuzambwe 270. Siona ngati pakati pali chilumba. Mutaika doko lanu kuseri kwa Boadzulu, mzere udzadutsa pamwamba pa chilumbacho mopanda manyazi. Siona miyala, siona mchenga wosaya, siona bango, ndipo mapu wamba a pafoni sasonyeza kuya kwa madzi. Ena amakonda kutsutsana zoti dziko ndi lozungulira ndiye mzere wowongoka suwongoka kwenikweni. Zimenezo ndi za oyendetsa ndege ndi sitima zowoloka nyanja zamchere. Pa mtunda wa ku Malindi ndi Nkopola kusiyanako sikukwana n'komwe utali wa boti lanu.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Boti likakhala pamadzi pali mbali zitatu zomwe anthu amazisakaniza ngati chinthu chimodzi. Pali kumene mphuno ya boti yaloza. Pali kumene botilo likupita kwenikweni. Pali kumene kuli doko. Nyanja ikakhala bata zitatuzi zimagona pamodzi, munthu osaona kusiyana. Mwera ukayamba, zimabalalika. Inu mukuchokera kuvuma kulowera kuzambwe, mphepo ikuchokera kumwera, ikumenya boti kudzanja lanu lamanzere. Mphuno yaloza ku Nkopola, koma thupi lonse la boti likuyenda chankhanu, kutsogolo ndi kumpoto nthawi imodzi. Boti lathabwa lodzaza matumba ndi madengu ounjikidwa m'mwamba limagwira mphepo ngati thanga.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta kuwerengera, osati miyeso ya ulendo wanu weniweni. Ulendo ukhale wa makilomita 20, boti likuyenda makilomita 10 pa ola, mphepo ndi mafunde zikulikankhira kumbali makilomita awiri pa ola. Mutangoloza mphuno kamodzi n'kugwira chiwongolero osasinthanso, pakutha maola awiri mufika tsidya lija muli makilomita anayi kumpoto kwa doko lanu. Zimenezo palibe amachita, chifukwa munthu amaona. Chomwe munachita inu ndi china: foni ikajambulanso mzere, inu mumatembenuza mphuno pang'ono kuti ilozenso pa doko. Mphepo ikukankhaninso, foni ijambulanso, inu mutembenuzenso. Kufika mufika ndithu, koma njira yomwe mwayenda siwowongoka, yapindika ngati uta. Ndi manambala omwewa, mimba ya utawo imatalikira mzere woyamba ndi pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, ndipo imafika pamenepo kutatsala makilomita asanu ndi awiri kuti mukocheze. Kumapeto kwa ulendo mumapezeka mphuno yaloza kumene kukuchokera mphepo, mukulimbana ndi mafunde maso ndi maso, pomwe munanyamuka akukumenyani m'nthiti.

Ndinene chilungamo pa nkhani ya mafuta, chifukwa ena amakokomeza. Pa chitsanzo chimenechi woyenda mopindika amachedwa ndi mphindi ziwiri kapena zitatu zokha poyerekeza ndi wogwira mzere. Petulo wotayika ndi wochepa. Choopsa ndi kilomita ndi theka ija. Mzere woyamba munausankha inu, mukudziwa kuti m'menemo mulibe mwala, mulibe matchera. Madzi omwe utawo wakudutsitsani simunawasankhe, anakusankhirani ndi mwera, ndipo foni nthawi yonseyi inkakuonetsani mzere wowongoka wokongola kuchoka pa boti kufika pa doko. Sinaname ngakhale kamodzi. Mzere uliwonse womwe inajambula unali woona pa sekondi imeneyo. Inangokhala yopanda chikumbukiro.

Ine ndinaziphunzira mwamanyazi. Pa ntchito ina yoyeza malo m'mbali mwa nyanja tinachita hayala boti, ine nditakhala kutsogolo ndi foni m'manja, ndikulozera mkulu wina yemwe anagwira injini. Iye ankangoyang'ana kumbuyo, kenako kutsogolo, kenako kumbuyo. Patapita nthawi anandifunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi makina anuwo akuti tikupita kuti?" Ndinamuonetsa muvi, woloza bwinobwino. Anangoti chabwino, koma ndinaona dzanja lake likukankha chigwiriro cha injini pang'ono, mphuno n'kupotolokera kumphepo, osandifunsanso. Madzulo nditatsegula mzere wosonyeza momwe tinadutsa, theka loyamba, lomwe ndinkalamula ine, linali lopindika ngati chikwakwa. Theka lachiwiri linali ngati lojambulidwa ndi rula.

Chomwe ankayang'ana kumbuyo kuja chinali mlambe wa pagombe pomwe tinanyamukira ndi nsonga ya phiri kuseri kwake. Zinthu ziwiri zikakhala pamzere umodzi, china kutsogolo china kumbuyo, ndiye kuti nawe uli pamzere womwewo. Mlambe ukayamba kutsetsereka kuchoka pansi pa nsonga ya phiri, wadziwa kuti wakankhidwa, ndipo wadziwanso mbali yake. Asodzi akhala akupeza malo awo oponyera motere kuyambira kalekale. Taonani kusiyana kwake: woyang'ana chinthu chimodzi chokha, kaya ndi phiri la tsidya lija kaya ndi nyali, amayenda mopindika ngati foni yanu ija, chifukwa chinthu chimodzi chimaoneka kutsogolo kulikonse komwe ungakhale ukangochitembenukira. Woyang'ana ziwiri ali ndi mzere wosasuntha. Zomwe tikufuna ndi kuti foni ikhale mlambe ndi phiri pa nthawi yomwe mlambe ndi phiri sizikuoneka, usiku kapena kukachita nkhungu.

Simunanene dzina la pulogalamu yanu, koma mwa zomwe mwafotokoza ikufanana ndi OsmAnd, yomwe ili ndi mitundu iwiri ya mzere wotere. Wina amautcha "Direct-to-point", womwe ntchito yake ndi kukulozerani pa malo amodzi kuchokera paliponse pomwe muli. Winawo ndi "Straight line", wolumikiza malo omwe mwaika ndi mizere yowongoka. Sankhani wachiwiriwu, kenako lowani m'makonzedwe a kayendedwe, pomwe palembedwa za "Recalculate route". Pamenepo pali malo osankha kuti foni ijambulenso njira mukapatuka mamita angati. Zimitsani, kapena ikani mtunda waukulu kwambiri womwe ikulola. Ngati pali chosankha choti izikuchenjezani ndi mawu mukapatuka, chimenecho chisiyeni choyaka, chifukwa chenjezo mukulifuna, chomwe simukufuna ndi kusunthidwa kwa mzere. Chitani zimenezi m'makonzedwe a kayendedwe ka boti okha. A galimoto ndi njinga asiyeni momwe alili.

Google Maps ilibe kayendedwe ka pamadzi kotere. Ili ndi chida choyezera mtunda pakati pa malo awiri, chomwe chimajambula mzere wowongoka, koma ntchito yake ndi kuyeza, osati kukutsogolerani. Organic Maps ili ndi chizindikiro cha rula chojambulira mizere yowongoka kudutsa pa malo omwe mwasankha. Amene ali ndi timakina ta Garmin ta m'manja apeza zinthu ziwiri zomwezi: muvi woloza kumene mukupita kuchokera pomwe muli, ndi muvi wina wosonyeza kuti mwatalikira bwanji mzere woyamba ndiponso mbali iti. Oyendetsa sitima amautcha mtunda umenewu XTE. Ngati chida chanu chikutha kuonetsa nambala imeneyi, iikeni pa sikirini pamalo oonekera, chifukwa pa manambala onse ndi yomwe mlambe ndi phiri zija zinkanena.

Mzere ukakhazikika, kayendetsedwe kamasintha. Musamalozenso mphuno pa doko. Ilozeni pang'ono kumene kukuchokera mphepo, muyende mphindi zingapo, muone kadontho. Kakapitiriza kutsetserekera kumpoto, onjezani. Kakayamba kuwolokera kumwera kwa mzere, chepetsani. Posakhalitsa mupeza pomwe kadontho kakuyenda pamwamba pa mzere ngakhale mphuno ikuoneka ngati yaloza kolakwika, ndipo apaulendo ena ayamba kufunsana ngati mwasintha doko. Pa chitsanzo chathu chija kupotoza kofunika ndi madigiri pafupifupi 12. Kuti muwaone ndi maso, tambasulani mkono mutakunga chibakera: m'lifupi mwa chibakeracho ndi madigiri 10 kapena pamenepo. Ndiye ndi chibakera chimodzi ndi kachala kumanzere kwa doko popita, kumanja pobwerera ku Malindi, popeza pobwerera mwera umakhala kudzanja lamanja. Mukapezeka kuti mwatalikira kale mzere, musakhote mwamphamvu kuti muubwerere msangamsanga, makamaka boti litalemedwa. Bwererani mopendekera, pang'ono ndi pang'ono, mukusankha mafunde. Ndipo mafunde akakula moti kugwira mzere kukutanthauza kuwapatsa nthiti za boti, usiyeni mzerewo. Wogwira injini ndinu.

Pamenepa ndi pomwe kujambulanso kuli ndi malo ake ngakhale pamadzi. Mwazungulira chilimira cha anthu, kapena mwathawira kuseri kwa chilumba kudikira kuti mphepo itsike, ndipo tsopano muli kutali ndi mzere wanu. Kubwerera ku mzere wakale kungakhale kutaya mafuta chabe. Jambulani watsopano. Koma mujambule inu, ndi chala chanu, mutachepetsa injini, mutayang'ana pa mapu ndi panyanja kuti mzere watsopanowo ukudutsa pati. Kusiyana kwake ndi kwakuti mwadziwa kuti mzere wasintha, mwadziwa chifukwa chake, ndipo mwauvomereza.

Ndingakulimbikitseni kuti musadalire mzere umodzi wautali wochoka pa doko kufika pa doko. Tsiku lina kuli bata, masana dzuwa likuswa mtengo, yatsani chojambulira ulendo, chomwe chimasiya mzere m'mbuyo mwanu ngati nkhono. Yendani njira yomwe mumaikhulupirira, ngati n'kotheka muli ndi mkulu wodziwa madzi amenewo. Pomwe mumakhota ikani chizindikiro, ndipo chikhale pamadzi akuya, patali ndi mwala womwe mukuuzemba, osati pamwalapo. Chizindikiro chomaliza chisakhale pamchenga, chikhale panja pang'ono pomwe mumachepetsera injini. Miyala yodziwika ndi malo omwe anthu amakonda kutchera muziike ndi mtundu wina, wofiira. Mukatero ulendo wanu ukhala mizere itatu kapena inayi yaifupi, uliwonse woyesedwa ndi maso. Zizindikirozi muziziyenderanso nyengo ikasintha. Mukukumbukira mu 2024 momwe nyanja inakwerera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe lonseli. Miyala yomwe inkaoneka inamira, n'kutsala pansi pa madzi pang'ono pomwe pulopela imafika, koma pa mapu gombe linali pomwe lija.

Pali chinanso chokhudza muvi, popeza mwati unkaloza kutsogolo nthawi yonse. Foni imadziwa mbali m'njira ziwiri. Ina ndi kampasi ya mkati, yomwe imamva maginito a dziko, ndipo imasokonezeka ndi chitsulo chilichonse chapafupi: injini, nangula, mabatire a nyali, sipika ya wailesi, ngakhale kamaginito ka pachikwama cha foniyo. Mafoni ena otchipa alibe n'komwe kampasi imeneyi. Njira inayo ndi kuyerekeza malo omwe munali masekondi apitawo ndi pomwe muli tsopano. Imeneyi ndi yomwe ikuuzani kumene boti likupita kwenikweni, osati kumene mphuno yaloza, ndipo ndi yomwe mukuifuna. Vuto lake ndi loti imafuna liwiro. Mukaima kapena mukamayenda pang'onopang'ono, muvi umayamba kuzungulira ngati wamwa kachasu. Sankhani kuti mapu azitembenuka motsatira kayendedwe, kapena kumpoto kukhale m'mwamba nthawi zonse, osati motsatira kampasi. Kulakwitsa kwa madigiri kumaoneka kochepa pa sikirini koma kumakula ndi mtunda: digiri imodzi imakutayani kilomita imodzi pa makilomita 60 aliwonse. Kampasi yopotozedwa ndi injini madigiri 10, pa ulendo wa makilomita 20, ndi makilomita atatu ndi theka. Kakampasi ka m'manja ka singano, koikidwa kutsogolo kwa boti kutali ndi zitsulo, n'kofunika kukhala nako, chifukwa sikatha moto.

Za bandulo, mtima ukhale m'malo. GPS ndi yaulere, imagwira ntchito ngakhale mufoni mulibe simu. Netiweki imangoithandiza kupeza masetilaiti msanga mukangoyatsa, ndiye yatsani mapu mudakali pagombe, mudikire kadontho kakhazikike. Chodya bandulo ndi kukoka zithunzi za mapu, ndiponso kufunsa njira ku makompyuta a kampani, monga imachitira Google Maps ikakhala pa intaneti. OsmAnd ndi Organic Maps mumakoka mapu a Malawi kamodzi, basi, kuwerengera konse kumachitikira mufoni momwemo, ngakhale ijambulenso kambirimbiri. Google Maps nayo imalola kusunga chigawo cha mapu, koma popanda intaneti imapereka njira za galimoto zokha. Chomwe chimatha msanga ndi batire, chifukwa sikirini imakhala yoyaka ulendo wonse. Nyamukani foni itadzaza, muike m'kathumba ka pulasitiki koonekera mkati, mumangirire ndi chingwe pa thabwa. Usiku chepetsani kuwala kwa sikirini, apo ayi maso anu azolowera kuwalako n'kulephera kuona bwato lopanda nyali lomwe lili patsogolo panu. Bwato, ukonde ndi mvuu sizioneka pa mapu aliwonse.

Usiku womwewo samalani ndi nyali zomwe mukuyendera. Nyali za asiginala a usipa zimaoneka ngati mudzi, koma zimayenda. Nyali yofiira ya pamwamba pa nsanja ya netiweki siyenda, ndipo mukapeza ina pansi pake kapena kutsogolo kwake, kaya ya pa mzikiti kaya ya pa sitolo ya pagombe, mwapeza mlambe ndi phiri za usiku. Foni ikadzazima pakati pa nyanja kusanache, musalimbane ndi kulunjika ndendende pa doko. Lozani dala kumwera kwake, kumene kukuchokera mphepo. Mukafika pafupi ndi gombe simudzafunsa kuti doko lili mbali iti, mudzadziwa kuti lili kumpoto, n'kutsetsereka nalo gombe mphepo ili kumsana. Wolunjika ndendende akaphonya sadziwa ngati akhotere kumanja kapena kumanzere.

Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, a nthambi yoona zanyengo amalengeza machenjezo pa wailesi mphepo ikamayembekezeka kukula panyanja. Tsiku lotero mzere wokhazikika sukuthandizani kanthu, boti likhale pamchenga. Koma tsiku lomwe mwera ukuwomba mwapakatikati, masana, mulibe apaulendo, muitane mphwanuyo mupite naye. Popita musiye foni momwe ilili panopa, muzitsatira muvi monga munachitira tsiku lija, chojambulira ulendo chili choyaka. Pobwerera muzimitse kujambulanso, mugwire mzere. Mukakocheza ku Malindi mutsegule mizere iwiriyo pa sikirini imodzi, muyeze ndi chala kuti mimba ya utawo inakafika pati, ndipo pamenepo muikepo chizindikiro chofiira ngati ndi pomwe panali matchera aja.